Funsani Azakhali: Koleji ili pakhomo pomwepa, nanga fizi ya mlendo yachokera kuti?

Ino ndi nyengo yolembetsa ana sukulu kuno ku America, ndipo makalata ambiri amene ndalandira akulira chinthu chimodzi: fizi ya makoleji a zaka ziwiri, aja amawatcha community college. Ndasankhapo anayi. Yoyambayo ndiiyankha motalikirapo chifukwa enawo atsamira pa iyo.

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Carrollton kuno ku Texas. Tinabwera ndi girini khadi zaka zinayi zapitazo. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, watsiriza sekondale ndipo walembetsa pa koleji ya zaka ziwiri imene ili pafupi ndi kwathu, pa galimoto ndi mphindi 10 zokha. Mnzake wa kutchalitchi, amenenso amakhala ku Carrollton komwe kuno, walembetsa maphunziro omwewo. Koma bilu ya mwana wanga yaposa ya mnzakeyo ndi madola opitirira 800 pa semesita imodzi. Ku ofesi amuuza kuti iye ndi "out-of-district". Kodi akutisala chifukwa ndife obwera? Msonkho timapereka, bambo ake amadulidwa pa malipiro aliwonse. Tithandizeni.

*Mayi wodandaula, Carrollton*

Amayi, pepani ndithu. Madola 800 ndi chakudya cha ana, ndi mafuta a galimoto, ndi ija mumatumiza kumudzi ya feteleza. Kuwawa kwake ndikukumva. Koma pa chinthu chimodzi ichi mtima ukhale pansi: sanakusaleni. Mwana wa mzungu amene makolo ndi agogo ake anabadwira ku Texas konkuno, atati azigona m'nyumba mwanumo, bilu yake ikhala yomweyo. Chakupwetekani ndi malire osaoneka ndi maso.

Carrollton ndi tauni imodzi koma yakhala m'makaunti atatu (kaunti ili ngati boma la kwathu, monga Zomba kapena Dedza): Dallas, Denton ndi kachigawo kochepa ka Collin. Simunandiuze msewu wanu, komabe mmene mwafotokozeramu ndikuona kuti nyumba yanu ili mbali ya Denton, pamene ya mnzake wa mwana wanuyo ili mbali ya Dallas. Koleji mukunenayo, Dallas College, ndi ya kaunti ya Dallas. Kwa iwo, mtsikana mmodzi ndi wapakhomo, winayo ndi wakutsidya.

Koleji yotereyi yakhala pa mafuwa atatu ngati mphika. Fuwa loyamba ndi ndalama zochokera ku boma la Texas ku Austin. Lachiwiri ndi fizi ya ophunzira. Lachitatu, limene ku Dallas ndi lalikulu kuposa enawo, ndi msonkho wa nyumba ndi malo, wonga ma city rates amene khonsolo ya Blantyre kapena ya Lilongwe imatolera. Aliyense amene ali ndi nyumba, sitolo kapena fakitale m'kaunti ya Dallas amasonkhera kolejiyo chaka ndi chaka, kaya ali ndi mwana pasukulupo kaya alibe. Zaka zapitazi msonkhowo wakhala pafupifupi masenti 11 pa madola 100 aliwonse a mtengo wa nyumba, kutanthauza kuti nyumba ya madola 300,000 imapereka madola cha m'ma 330 pachaka tisanachotse zimene amakhululukira eni nyumba ena. Anthu a m'kauntimo gawo lina la fizi analipira kale kudzera mu msonkho, n'chifukwa chake pawindo amawauza zochepa. Wakutsidya sanasonkhe nawo, ndiye gawo limenelo amalikwaniritsa yekha kuchokera m'thumba.

Mwati bambo a kunyumba amadulidwa msonkho. Zoona, koma umenewo umapita ku Washington, ku boma lalikulu. Boma la Texas silidula msonkho pa malipiro a munthu. Ndipo ngakhale muli pa lendi, msonkho wa nyumba mumalipira nawo, poti landilodi amaulowetsa mu lendimo. Kungoti wa nyumba yanuyo umapita ku kaunti ya Denton, ku tauni ya Carrollton ndi ku masukulu a ana a m'dera lanu. Ku koleji ya ku Dallas sikufika ngakhale senti imodzi.

Ife Amalawi apa m'pamene timasokonezekera. Kwathu munthu akafunsa kuti "kwanu n'kuti?" umatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ngakhale unabadwira ku Ndirande ndipo kumudziko unafikako kawiri kokha, kumaliro. Amene tinakula nthawi ya kota tikukumbuka kuti boma limene unalemba pa fomu linkatha kukutsegulira kapena kukutsekera khomo la ku yunivesite. Kuno safunsa kumene anakwirira mchombo wako. Amafunsa kumene ugone usiku uno, ndi kumene msonkho wa denga limenelo umapita.

Tione manambala. Mu 2023 Dallas College inkalipiritsa madola 79 pa kirediti imodzi (muyeso wa kukula kwa phunziro) kwa wokhala m'kaunti ya Dallas, 135 kwa wokhala m'kaunti ina ya Texas, ndi 200 kwa wochokera kunja kwa Texas kapena kunja kwa America. Mabuku anali momwemo. Phunziro limodzi kawirikawiri limakhala la makirediti 3, ndipo digiri ya zaka ziwiri imafuna makirediti 60. Pa mitengo imeneyo wapakhomo ankatsiriza ndi madola 4,740, wa kaunti ina 8,100, wakunja 12,000, onsewo atakhala m'kalasi imodzi, mphunzitsi yemweyo, mayeso omwewo. Mu 2025 anakweza, wapakhomo anafika pa madola 99 ndipo mitengo inayo inakwera nawo, choncho musanawerengetse zanu onani kaye mitengo ya chaka chino pa tsamba lawo la pa intaneti.

Zimene zakuchitikiranizi inenso zinandigwera. Nditakhala kuno chaka ndi miyezi ingapo, ndinkagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba, masana n'kumaphunzira maphunziro oyambira unamwino. Ndinkachita lendi kachipinda chakumpoto kwa mzinda, ndipo makalata anga onse ankabwera olembedwa kuti Dallas, TX. Ndikanakayika chiyani? Sindinkadziwa kuti mzinda wa Dallas weniweniwo unasefukira m'makaunti a Collin ndi Denton, ndi kuti ine ndinali mbali ya Denton. Ndinalipira fizi ya wakutsidya masemesita awiri, ndikuwonjezera mashifiti Loweruka ndi Lamlungu, miyendo ili yotupa. Tsiku lina mayi wina wa mu ofesi yolembetsa, ataona kuti ndabweranso kudzapempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, anandiitanira pa mapu amene anali pakhoma n'kuloza ndi chala. Malire anali pafupi ndi pamene ndinkakwerera basi, pa mtunda woyenda pansi mphindi zosakwana 10 kuchokera pakhomo panga. Pangano la lendi litatha ndinasamukira kummwera kwa mzerewo, m'chipinda cha mtengo womwewo. Mayi ameneuja sindidzamuiwala.

Si Dallas ndi Carrollton zokha. Richardson ili mbali ina m'kaunti ya Dallas, mbali ina mu Collin. Grand Prairie yakhudza Dallas, Tarrant ndi Ellis. Dzina la tauni limene lili pa envelopu, ngakhale ZIP code, sizikuuzani zoona zake. Chimene chingakuuzeni ndi ofesi yoyeza mitengo ya nyumba m'kaunti, imene amaitcha appraisal district. Kaunti iliyonse ili ndi yake, ndipo ili ndi tsamba pa intaneti. Mukalembapo adiresi ya nyumba, ngakhale si yanu, mumaona mndandanda wa onse amene amatolera msonkho pa nyumbayo. Dzina la koleji likakhalapo, ndinu apakhomo. Likasowa, ndinu akutsidya. Zimatenga mphindi zisanu, ndipo n'zaulere.

Tsopano nkhani yowawa, imene sindingakubisireni. Kaunti ya Denton sitolera msonkho wa koleji iliyonse ya zaka ziwiri. North Central Texas College ili ndi nthambi m'kauntimo, ku Corinth ndi ku Flower Mound, koma kwawo kwenikweni ndi ku Gainesville m'kaunti ya Cooke, ndipo a ku Cooke ndi amene amalipira fizi ya apakhomo. Ndiye mwana wanu, malinga ngati mukukhala pamene mulipo, kulikonse kumene apite ndi wakutsidya, ngakhale pa nthambi imene ili m'kaunti mwake momwe. Malamulo a Texas amasiyanitsa dera limene koleji inapatsidwa kuti iziphunzitsamo ndi dera limene imatoleramo msonkho. Kuti dera lilowe m'gulu losonkha, eni ake amayenera kuvomera pa voti. Ku Austin kunachitika voti yotere mu 2010: a ku Elgin ndi a ku Hays anavomera kulowa mu Austin Community College, a ku San Marcos ndi a ku Bastrop anakana. Ndimawamvetsa okanawo, palibe amene amakonda msonkho watsopano. Koma ine mtima umandiwawa, chifukwa amene amasenza zotsatira zake ndi mwana wa zaka 18 amene sanavote nawo, ndipo kawirikawiri ndi mwana wa anthu a pa lendi, amene sanasankhe nyumba poyang'ana mapu a msonkho koma poyang'ana kumene lendi ili yotsikirapo.

Nanga mutani? Choyamba chenicheni ndi fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la fizi, ngati simunadzaze. Mwana wanu ali ndi girini khadi, ndiye ndi wololedwa kupempha thandizo la boma lalikulu lotchedwa Pell Grant, limene si ngongole ndipo sabweza. Zaka zaposachedwazi lakhala likufika mpaka madola 7,395 pachaka kwa amene makolo awo amapeza zochepa, ndipo silifunsa kuti uli kaunti iti. Akapatsidwa lonse, limakwana fizi ya chaka chonse ngakhale pa mtengo wa wakutsidya. Ndakumana ndi makolo ambiri a kwathu amene amaopa fomu imeneyi, ati boma lidzawaona ngati opemphapempha. Musaope. Ndi ufulu wa mwanayo.

Kenako yerekezani mitengo ya akutsidya ya makoleji onse amene mwana angafikeko, osati okhawo ali pafupi. Collin College imadziwika kuti fizi yake ndi yotsika kwambiri mu Texas, ndipo nthambi zake za ku Plano ndi ku Frisco sizili kutali ndi kwanuko. Poyerekezapo muwerengere ndi mabuku, popeza ena amawaphatikiza mu fizi, ena ayi, komanso mafuta ndi ndalama za pamisewu yolipira. Musaope kuti maphunziro atayika akasintha sukulu. Ku Texas kuli maphunziro a maziko okwana makirediti 42 amene koleji ndi yunivesite iliyonse ya boma imayenera kuwalandira mwana akawatsiriza, ndipo makoleji a zaka ziwiriwa amatchula maphunziro ndi manambala ofanana. Chingerezi choyamba ndi ENGL 1301 ku Dallas, ku Collin ndi ku Tarrant komwe.

Ngati pali nyumba kapena malo amene inu makolo muli nawo m'kaunti ya Dallas ndipo mumawalipirira msonkho, tengani risiti yake mupite nayo ku ofesi. Lamulo la Texas limalola makoleji kuti munthu wotero, kapena mwana amene akumulera, amulipiritse ngati wapakhomo ngakhale sakhala m'kauntimo. Ndikudziwa kuti ambiri a ife sitinafike pamenepo, koma alipo owerenga ena amene anagula kanyumba n'kuikamo alendi.

Njira imene inandithandiza ine ndi yosamuka. Sindikuti mupasule banja mawa. Koma muli ndi ana ena awiri m'mbuyomu. Pa mitengo ya 2023 ija, kusiyana kwake kunali madola 3,360 pa mwana mmodzi, ndiye pa ana atatu ndi ndalama yopitirira 10,000. Pangano la lendi likamatha, khalani pansi ndi bambo muone ngati mungapeze nyumba mbali ya Dallas ya Carrollton yomweyo, tchalitchi chomwecho, ntchito yomweyo. Mukasamuka, mwana apite yekha ku ofesi ndi pangano la lendi latsopano, bilu ya magetsi ndi laisensi yosinthidwa adiresi, chifukwa koleji sisintha yokha. Ndipo achite changu: pa semesita yaitali amatseka kaundula pa tsiku la 12 la makalasi, mapepala ofika pambuyo pake amagwira ntchito semesita yotsatira. Funsaninso kuti amafuna mutakhala m'kauntimo nthawi yaitali bwanji, poti koleji iliyonse ili ndi lamulo lake pa zimenezo.

Za ang'onoang'onowo, akafika chaka chomaliza cha sekondale mukafunse mlangizi wa pasukulu pawo ngati sukuluyo ili mu Dallas County Promise. Ndi ndondomeko yolipirira fizi ana ochokera m'masekondale amene analowa nawo, ndipo amalembetsa mwana akadali m'chaka chomalizacho. Akatsiriza osalembetsa, mwayi wadutsa.

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Lewisville ndipo ndimagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo katundu. Ndili ndi girini khadi. Ndikufuna ndiziphunzira za makompyuta madzulo. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amakhala ku Irving m'kaunti ya Dallas, wandiuza kuti ndingolemba adiresi yake kuti ndilipire zochepa, akuti ambiri amatero. Kodi pali vuto?

*Mnyamata wa ku Lewisville*

Mwanangu, usatero. Mkuluyo ndikhulupirira kuti akukufunira zabwino, kwathu timathandizana choncho, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma thandizo ili likhoza kukuwonongera chinthu chachikulu kuposa fizi.

Fomu ya koleji ya boma ndi chikalata cha boma, ndipo pamapeto pake umasaina kuti zonse walembazo n'zoona. Kunama pa chikalata chotero ndi mlandu. Koleji ikatulukira ili ndi mphamvu yokulipiritsa ndalama zonse zimene unazemba kuyambira semesita yoyamba, kukuletsa kulembetsanso mpaka utalipira, ngakhale kukuchotsa sukulu. Ndipo kutulukira kwake sikovuta monga akuganizira anthu. Laisensi yako ikunena Lewisville, inshuwalansi ya galimoto Lewisville, fomu ya msonkho Lewisville, FAFSA Lewisville, koleji yokha ndi imene ikunena Irving. Zonsezi zili m'makompyuta.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi mapepala ako. Iwe sunakhale nzika. Lamulo limati munthu amene si nzika akasamuka adziwitse a USCIS, ofesi yoona za anthu obwera m'dziko muno, pasanathe masiku 10. Tsiku limene udzapemphe unzika, fomu ya N-400 idzakufunsa malo onse amene wakhalako zaka zisanu zapitazo, ndipo udzalumbira pamaso pa ofisala. Udzalemba chiyani? Ukadzalemba Lewisville yokha, mapepala a sukulu akukutsutsa. Ukadzalemba Irving, wanama kachiwiri, ulendo uno polumbira. Iwo amayang'ana ngati munthu ali wa khalidwe labwino, ndipo bodza lofuna kupezerapo phindu amalitenga mozama. Chozemba chinakumana ndi chokwawa. Usagulitse unzika wako ndi madola 60 kapena 70 pa kirediti.

Uli ndi mwayi umene mayi wa ku Carrollton uja alibe: uli wekha, ulibe ana oti uwasinthe sukulu. Ngati mkuluyo ali ndi chipinda, samukira kwa iye zenizeni. Mulembe pangano la lendi, dzina lako likhalepo, uzilipira kudzera ku banki kuti pakhale umboni, usinthe adiresi ya pa laisensi pasanathe masiku 30 monga lamulo la Texas likunenera, udziwitsenso a USCIS. Ukatero adiresi ya ku Irving ndi yako ndithu, palibe angakuloze chala, ndipo nthambi ya Dallas College yotchedwa North Lake ili mu Irving momwemo. Chinthu chimodzi uonetsetse: ngati makolo ako amakulembabe pa fomu yawo ya msonkho ngati mwana amene akumusamalira, makoleji ambiri amayang'ana kumene makolowo akukhala, osati iwe. Pa zaka zako ndi ntchito imene uli nayo uyenera kuti umadzaza yako, koma funsa kunyumba.

Ukapezanso mpata, lowa mu ofesi ya olemba ntchito pakampani panupo ufunse ngati amathandiza antchito awo kulipira sukulu. Makampani akuluakulu angapo osunga ndi kutumiza katundu amatero, koma anyamata ambiri safunsa.

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 20, ndinakhoza bwino MSCE koma sindinasankhidwe ku yunivesite. Amalume anga amakhala ku Dallas, ali ndi nyumba yawoyawo, ndipo akuti ndipite ndizikakhala nawo ndikuphunzira pa community college. Popeza ndizikagona m'nyumba mwawo m'kaunti ya Dallas, kodi ndikalipira fizi ya apakhomo?

*Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe*

Mwana wanga, ayi, ndipo ndi bwino umve zimenezi ukadali ku Lilongwe kusiyana ndi kudzazimvera pawindo. Wobwera ndi viza ya sukulu, ya F-1, amalipira mtengo wapamwamba uja wa akunja, ngakhale atagona kwa amalume zaka zitatu. Chifukwa chake n'chakuti asanafunse za kaunti amayamba afunsa ngati uli wokhazikika mu Texas, zimene zimafuna kukhalamo miyezi 12 ndi chilolezo chokulola kumanga banja lako kuno. Viza ya F-1 imaperekedwa pa lonjezo loti ukatsiriza udzabwerera kwanu, choncho miyezi yako siwerengedwa. Msonkho umene amalume amalipira pa nyumba yawo suchotsa lamulo limeneli.

Uwawerengere amalumewo bwinobwino kuti asadzadzidzimuke. Wa F-1 amayenera kutenga makirediti osachepera 12 pa semesita. Pa madola 200 a mu 2023 aja inali 2,400 pa semesita, 4,800 pachaka, ndipo pano yakwera. Koleji isanakutumizire fomu ya I-20, imene umafunsira nayo viza, imafuna umboni wa ku banki woti pali ndalama ya fizi ndi ya zofunika pa moyo ya chaka chathunthu. Pamwamba pake pali madola 350 a SEVIS (kaundula wa ophunzira ochokera kunja) ndi 185 ofunsira viza, ndipo ya viza sabweza akakukana. Ntchito imene umaloledwa ndi ya pasukulu pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata, ndipo Pell Grant ija iwe sungalandire. Ngakhale zili choncho, fizi imeneyi ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene mayunivesite a zaka zinayi amalipiritsa akunja, n'chifukwa chake ophunzira ambiri a ku Africa kuno amayambira pa makoleji amenewa kenako n'kusamukira ku yunivesite. Usawasokoneze ndi makoleji a ntchito za manja amene boma lathu linayamba kutsegula m'maboma mu 2015. Akunowa amaphunzitsa ntchito za manja, inde, koma amaphunzitsanso zaka ziwiri zoyamba za digiri.

Musanalipire kalikonse, yambani mwamva za viza. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika mpaka madola 15,000 kwa Amalawi ndi a ku Zambia opempha viza yokacheza, ndipo malamulo a maviza kwa anthu a kwathu akhala akulimbalimba kuchokera pamenepo. Ona pa tsamba la ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe ngati pakali pano akupereka maviza a sukulu kwa Amalawi. Usamvere wa pa Facebook wokulonjeza kuti akukonzera zonse ukamutumizira ndalama.

Wina akhoza kukunong'oneza kuti ungobwera ngati mlendo, zina udzazionera konkuno. Viza yokacheza silola kulembetsa sukulu yotere, ndipo ikatha umakhala wopanda mapepala. Kale ku Texas kunali lamulo la mu 2001 lolola ana opanda mapepala amene anakulira ndi kuphunzira sekondale kuno kuti azilipira ngati a mu Texas. Mu Juni 2025 khoti linaliimitsa. Ngati khomo latsekekera ana amene anakulira konkuno, iwe wobwera ndi zaka 20 silingakutsegukire. Uli ndi MSCE yabwino. Pamene ukudikira za kunoko, lembera makoleji a kwathu konko, chaka chisapite pachabe.

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Skokie m'chigawo cha Illinois koma ndimagwira ntchito pachipatala china mu mzinda wa Chicago. Ndikufuna kuphunzira pa Malcolm X College poti ili pafupi ndi kuntchito. Zimene mumalemba za ku Texas zikugwiranso ntchito kuno?

*Bambo wa ku Skokie*

Achimwene, tsinde lake ndi lomwelo, koma ku Illinois kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi, ndipo njira zothandizira ziliko zambiri kuposa kuno. Makoleji amenewa anayambira kwanuko: Joliet Junior College, imene inatsegulidwa mu 1901, ndi yakale kuposa onse a boma a mtundu umenewu. Illinois yense anagawidwa m'madera 39 a makoleji. Skokie ili m'dera la Oakton College, pamene Malcolm X ndi imodzi mwa makoleji 7 a City Colleges of Chicago, amene apakhomo ake ndi okhala mu mzindamo. Mu 2022 iwo ankalipiritsa madola 146 pa kirediti kwa a mu Chicago, 384 kwa a madera ena a Illinois, ndi 481 kwa akunja. Pa makirediti 60 ndiye 8,760 kwa wapakhomo ndi 23,040 kwa inu, chikhalirecho Skokie inachita malire ndi Chicago.

Ena mwandilembera kuchokera ku South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri, kufunsa zomwezi. Kwa inu nkhaniyi kulibe: Indiana ili ndi Ivy Tech imodzi ya chigawo chonse, ndipo mtengo ndi umodzi kwa onse a mu Indiana. Ku California nakonso wokhazikika m'chigawomo amalipira madola 46 pa kirediti pa koleji iliyonse imene wasankha. A ku New York okha samalani: mukapita pa koleji ya kaunti ina, tengani chikalata chotchedwa certificate of residence ku ofesi ya kaunti yanu, apo ayi fizi imawirikiza kawiri.

Tibwerere kwa inu a ku Skokie. Muli ndi makomo awiri. Ku Illinois munthu amene amagwira ntchito maola 35 kapena kuposerapo pa sabata m'dera la koleji akhoza kulipira ngati wapakhomo ngakhale amagona kwina, ndipo City Colleges imatsatira zimenezi. Ngati pachipatalapo muli pa ntchito yokhazikika, khomo lanu ndi limeneli. Lachiwiri ndi pangano la pakati pa makoleji a Illinois lotchedwa CAREER: ngati maphunziro a ntchito amene mukufuna kulibe ku Oakton, mumapempha chilolezo ku Oakton konko, n'kukaphunzira ku koleji inayo pa mtengo wa apakhomo. Chilolezocho amapempha semesita isanayambe, osati makalasi atayamba kale. Koma ngati maphunzirowo ku Oakton aliko, khomo limeneli silitseguka, ndipo mungachite bwino kuganizira nthambi yawo imene ili mu Skokie momwemo.

Mawa lomwe pitani kwa olemba ntchito pachipatala panupo, akulembereni kalata pa pepala la chidindo chawo yonena adiresi ya malo a ntchito ndi maola amene mumagwira pa sabata. Muphatikizepo peyisilipi yaposachedwa, mukapereke ku ofesi yolembetsa musanasankhe makalasi. Muwafunse ngati kalatayo amaifuna semesita iliyonse, ndipo musunge kope lake kunyumba.